Ndani angamuletse mbusa? Kuyerekeza njira zisanu zoyang'anira mpingo

Nkhani ino ndi ya anthu amene ali pamphambano. Pali gulu la mapemphero lomwe linayambira m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, lero ladzaza ndipo likufuna kukhala mpingo. Pali mbusa wachinyamata amene mtumwi wina wamuitana kuti akhale mwana wake wauzimu. Pali akulu ampingo amene akhala pansi kuti alembe malamulo awo koyamba, komanso Mkhristu wamba amene wasamukira ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds ndipo akusakasaka kopemphera. Onsewa funso lawo ndi limodzi, ngakhale salifunsa mokweza: mtsogoleri wathu akalakwa, ndani angamuletse?

Zoti mtsogoleri aziyankha kwa ena si nkhani yokanganirana. Paulo ndi Barnaba atabwerako ku ulendo wawo woyamba anasonkhanitsa mpingo wa ku Antiokeya womwe unawatuma, n'kufotokoza zonse zimene Mulungu anachita nawo (Machitidwe 14:27). Petro, ndi ukulu wake wonse, anadzudzulidwa ndi Paulo anthu akuona (Agalatiya 2:11-14). Ndalama zothandizira osauka a ku Yerusalemu Paulo sanafune kunyamula yekha. Anatsagana ndi mbale amene mipingo inachita kusankha, kuti pasapezeke womunena (2 Akorinto 8:18-21). Pamene Akhristu timasiyana m'pakuti ntchito imeneyi lero ili m'manja mwa yani.

Zoyenera kuyang'ana

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo: ndalama zotuluka m'thumba la mpingo, komanso ufulu umene muutaye. Kupezeka: kodi njirayo ilipo kumene mukukhala, ndipo mayi wamasiye wa pabenchi yakumbuyo angamufikire woyang'anirayo osadzera mwa mbusa yemwe akumudandaulayo? Chisamaliro: ntchito ya mwezi ndi mwezi yofunika kuti dongosolo lisangokhala papepala. Ngozi zake: kumene njirayo imakonda kugwera.

Koma musanamve zokoma za njira iliyonse, funsani mafunso atatu ouma. Pepala la malo a tchalitchi lili m'dzina la ndani? Amasayina ku banki ndi ndani, nanga nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolembedwa pachinsalu cha kuguwa ndi ya foni ya ndani? Amene angamuchotse mbusa paudindo iye asakufuna ndi ndani? Ine ndimaona chonchi: woyang'anira amene mbusa anadzisankhira yekha, ndipo angamusiye yekha tsiku lomwe wamulankhula zowawa, n'kuchoka ndi nyumba, akaunti ndi anthu omwe, ameneyo ndi mlangizi chabe. Mlangizi ngwabwino, koma musamuwerenge ngati mlonda wa mpingo.

1. Mabwalo a akulu: seshoni, presibitale ndi sinodi

Iyi ndi njira ya CCAP, mpingo womwe unabadwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Sinodi ya Harare ndi ya Zambia zinadza pambuyo pake. Maganizo ake ngakuti udindo woyang'anira umene atumwi anasiya uli m'manja mwa gulu la akulu, osati munthu mmodzi. Mbusa amatsogolera seshoni, msonkhano wa akulu ampingo, koma pamwamba pake pali presibitale, pamwamba pa presibitale pali sinodi, ndipo woweruzidwa pabwalo laling'ono akhoza kukadandaula ku lalikulu. Mipingo ya chipentekoste yokhala ndi likulu, monga Assemblies of God, imayenda moyandikana ndi njirayi: chiphaso cha ubusa chimachokera ku likulu, ndipo likulu lomwelo likhoza kuchilanda. Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God m'Malawi kuyambira 1989 mpaka 2013. Atapita ku ndale pampando panakhala wina, mpingo n'kupitirira.

Mtengo: Mpingo uliwonse umapereka gawo lake ku presibitale ndi ku sinodi, ndipo chaka cha njala gawolo limawawa, mpaka akulu ampingo kuyenda khomo ndi khomo kukumbutsa za makhadi a chopereka. Kuonjezera apo pali thiransipoti ya nthumwi zopita ku misonkhano. Koma mtengo wowawa koposa umagwera woyambitsa. Malo ndi nyumba sizikhalanso zake. Sakhala mbusa chifukwa chakuti ali ndi anthu. Amadutsa mayeso, n'kukakhala zaka ku sukulu ya zaubusa monga ya ku Zomba, ku Nkhoma kapena ku Ekwendeni, ndipo akamaliza akhoza kukatumikira kutali ndi gulu limene analivutikira.

Kupezeka: M'Malawi palibe boma lopanda mipingo yotere. Chosowa ndi abusa: kumudzi mbusa mmodzi amakhala ndi nyumba zamapemphero zambirimbiri, moti woyang'anira weniweni wa tsiku ndi tsiku ndi mkulu wampingo wa m'deralo. Ubwino wake ngwakuti ameneyo mumamudziwa, mumakumana naye kumaliro ndi kuchigayo.

Chisamaliro: Misonkhano, maminitsi, zisankho, mabuku a msungichuma. Ndi ntchito yotopetsa ndipo yambiri imagwiridwa ndi anthu osalipidwa. Ikapanda mlembi wakhama ndi akulu olimba mtima, seshoni imasanduka yongovomereza zimene abusa abwera nazo kale.

Ngozi zake: Milandu imachedwa. Zisankho za maudindo a sinodi zimatha kukhala ndi kampeni yosasiyana ndi ya chipani, ndipo mbusa wolakwa amene ali ndi anzake kumtunda amangosamutsidwa, vuto lake n'kukayambira kwina. Komanso bwalo lapamwamba penipeni limatha kukhala lopanda mano. Mkangano wa malire pakati pa sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma, womwe unatukusira kwambiri cha ku Dwangwa, unakhala zaka zambiri General Assembly, bwalo lalikulu la CCAP yonse, ikulephera kuuthetsa, mpaka Livingstonia inatsegula mipingo ku Lilongwe, Nkhoma nayo n'kukatsegula kumpoto. Njirayi imagwira bwino mbusa mmodzi wolakwa. Sinodi yonse ikauma mutu palibe woigwira.

2. Episkopi

Akatolika ndi a Anglican amati maepiskopi ndiwo alowam'malo a atumwi, kudzera m'kusanjika manja kochokera mbadwo ndi mbadwo. M'Malawi muli madayosizi 8 a Katolika ndi 4 a Anglican. Wansembe amalonjeza kumvera episkopi wake, ndipo episkopi wa Katolika amasankhidwa ndi Papa, amayenera kupereka lipoti la dayosizi yake ku Roma zaka zisanu zilizonse, ndipo akakwana zaka 75 amalemba kalata yopempha kupuma. Pano sitikunena za munthu amene anagula malaya ofiirira ndi mtanda wa pachifuwa, anzake atatu n'kumusanjika manja mu holo ya hotela. Ameneyo ali m'njira yachinayi, dzina lokha ndilo lasintha.

Mtengo: Mtulo, zopereka zopita ku dayosizi, ndi zaka zambiri za kuseminale monga ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba. Katundu yense ndi wa dayosizi kapena parishi, ndipo bambo mfumu amene mwamuzolowera akhoza kusamutsidwa inu osafunsidwa.

Kupezeka: Kwa Mkhristu wofuna kopemphera khomo ndi lotsekula, ndipo mphakati kapena limana limamufika mpaka pakhomo. Kwa gulu lofuna kulowa ndi mbusa wake, khomo limeneli kulibe. Simungabwereke episkopi n'kusiya chiphunzitso ndi masakramenti ake.

Chisamaliro: Chambiri chinakonzedwa kale. Malamulo a mpingo wa Katolika amalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma. Ntchito ya akhristu ndi kuonetsetsa kuti komitiyo ikukumanadi ndipo ikuona mabuku.

Ngozi zake: Mphamvu ya njirayi ndi yakuti mkono wake umafika patali. Emmanuel Milingo, mwana wa ku Chipata, anali arkiepiskopi wa Lusaka wokondedwa ndi makamu a anthu chifukwa cha mapemphero a machiritso, koma anaitanidwa ku Roma mu 1982. Atadzoza amuna anayi okwatira kukhala maepiskopi popanda chilolezo mu 2006 anadulidwa mumpingo, ndipo mu 2009 anachotsedwa pa unsembe. Kaya mumagwirizana ndi chigamulocho kapena ayi, kutchuka sikunamutchinjirize. Ku Harare, episkopi wa Anglican Nolbert Kunonga atachoka mu Province ya Central Africa mu 2007 anakakamira matchalitchi, akhristu n'kumapempherera panja ndi m'malo obwereka, koma mu 2012 Supreme Court ya Zimbabwe inabweza katunduyo kwa eni ake, chifukwa sanali wa episkopi.

Chofooka chake n'chakuti malipoti onse amakwera kumtunda. Kunsi kuno akhristu amangolangiza. Akuluakulu akasankha kuteteza mbiri ya mpingo, nkhani imakwiririka kwa zaka. Milandu yogwirira ana yomwe inaululika ku Boston mu 2002 ndi ku Ireland inali yotero. Ya John Smyth, loya amene ankatsogolera misasa ya achinyamata achikhristu, imatikhudza pafupi: atsogoleri ena a mpingo wa Anglican ku England anadziwa mu 1982 kuti amazunza anyamata, sanauze apolisi, ndipo mu 1984 iye anasamukira ku Zimbabwe komwe anayambitsanso misasa ya achinyamata. Lipoti litatuluka mu 2024, arkiepiskopi wa Canterbury, Justin Welby, anatula pansi udindo. Panali patadutsa zaka zoposa 40.

3. Mpingo wodziyimira pawokha

A Baptist ndi a Mpingo wa Khristu amati bwalo lomaliza ndi mpingo womwewo: mamembala amaitana mbusa, amavomereza bajeti, amachotsa mbusa. Bungwe ngati Baptist Convention of Malawi limagwirizanitsa mipingo pa za maphunziro ndi kufalitsa uthenga, koma silikhala bwana wa mpingo wapamalo.

Mtengo: Wotsika kuposa njira zonse. Chopereka cha ku bungwe chimakhala chogwirizana, ndipo malo amakhala a mpingo wanu. Koma denga likasasuka ndi mphepo, kapena mbusa akakalamba wopanda penshoni, musayang'ane kumsewu kuti kubwera galimoto ya likulu.

Kupezeka: Paliponse, bola pakhale anthu angapo okhwima, odziwa kuwerenga mabuku a ndalama, amene si abale ake a mbusa ndipo sadya kwa mbusa. Mpingo wa anthu 30 omwe theka ndi ana ndi azilamu ake a woyambitsa sunafike pamenepo.

Chisamaliro: Apa ndiye pamagona zonse. Pamafunika kaundula wa mamembala wodziwika bwino, chifukwa tsiku lovota kumabwera nkhope zomwe munaziona komaliza pa Khirisimasi. Chopereka chiziwerengedwa pompopompo mapemphero akangotha, anthu awiri kapena atatu osakhala a banja limodzi atakhala patebulo, wina kuwongola ma K500 opindikapindika, wina kulemba m'buku, onse n'kusayina, mbusa ali panja kupereka moni kwa anthu. Lolemba ndalama zipite ku banki, silipi imatidwe m'buku lomwelo, ndipo miyezi itatu iliyonse lipoti liwerengedwe pamaso pa onse.

Ngozi zake: Banja limene linagula malata limayamba kulamula ulaliki. Mbusa woona akhoza kuchotsedwa chifukwa wadzudzula wopereka kwambiri, ndipo alibe kokadandaula. Mkangano waukulu umathera pa kugawikana. Wochotsedwa chifukwa cha chigololo kapena kuba amakatsegula wake kuseri kwa msika, popanda womulondola. Ku America, lipoti la mu 2022 linaonetsa kuti akuluakulu a Southern Baptist Convention ankasunga mwachinsinsi mndandanda wa atumiki onenezedwa za nkhanza zogonana, uku akuuza odandaula kuti sangachitepo kanthu poti mpingo uliwonse ngwodziyimira.

4. Mtumwi kapena bambo wauzimu

Iyi ndiyo njira yofala pakati pa mautumiki atsopano, ndipo ndichedwapo pang'ono. Mbusa amadzipereka pansi pa mtumwi, mneneri kapena bishopu, amamutcha papa kapena dadi, ndipo amati wapeza covering, kutanthauza womutchinjiriza mwauzimu. Tisaipeputse. Paulo ankamutcha Timoteyo mwana wake, ndipo anamusiya Tito ku Krete kuti akonze zotsala ndi kuika akulu m'mizinda (Tito 1:5). Mbusa wachinyamata amafunadi munthu wamkulu amene angamuimbire pakati pa usiku banja likagwedezeka, zomwe komiti ya sinodi singachite. Mipingo ina yomwe lero yakhazikika, monga Living Waters yomwe Stanley Ndovie anayambitsa ku Blantyre mu 1985, inayamba ndi munthu mmodzi wa masomphenya. Koma atumwi alipo awiri: wina anabzala mipingo, amagwira ntchito ndi gulu la anzake ndipo ali ndi malamulo olembedwa, wina ndi wa pachithunzi cha pabanala basi.

Mtengo: Polowa pamaoneka paulere, koma ndi njira yomwe mtengo wake sudziwikiratu. Ambiri amafuna chakhumi cha mbusa, ena chakhumi cha chopereka chonse. Pamwamba pake pamabwera mbewu, mphatso ya tsiku lobadwa la papa ndi la mama, ulendo wopita ku msonkhano wa ana auzimu, ndipo papa akamabwera mpingo umalipira tikiti, hotela, mafuta a galimoto ndi envelopu yotsanzikira. Mpingo womwe ukupempherera m'kalasi ya lendi ukhoza kuthera pa mlendo wa masiku atatu ndalama zomwe zikanagula njerwa. Funsani zonsezi zilembedwe musanagwade kuti akudzozeni.

Kupezeka: Kosavuta n'komwe. Lero munthu amapeza bambo wauzimu wa ku Nigeria, ku Ghana kapena ku Pretoria kudzera pa Facebook, satifiketi n'kubwera pa WhatsApp. Kupezeka kwa mbusa kumeneko, osati kwa nkhosa. Mayi wa kwaya amene abusa akumutumizira mauthenga osayenera alibe nambala ya papa, ndipo ngakhale ataipeza, aprotokolo amubweza kwa abusa omwewo. Paja amati ali dere n'kulinga utayenda naye. Munthu wokuonani kamodzi pachaka, muli mu suti, mwamulandira pabwalo la ndege ndi maluwa, akudziwani bwanji?

Chisamaliro: Kuti njirayi igwire ntchito pamafunika pangano lolembedwa lonena zimene mtumwi angachite ndi zimene sangachite. Akabwera asangolalikira. Akhale ndi akulu ampingo mbusa atatuluka, acheze ndi mayi busa paokha, aone buku la msungichuma ndi masitetimenti a ku banki. Mamembala apatsidwe nambala kapena adiresi yodandaulirako. Ndipo malamulo a mpingo anene kuti kuthetsa ubale ndi mtumwiyo kumafuna voti ya akulu, osati maloto a mbusa. Ganizani za ankhoswe: mwamuna sangachotse nkhoswe ya kuchikazi chifukwa mlandu wamugwera, poti sanaiike ndi iye. Mtumwi amene amayankha kwa mbusa yekha ndi nkhoswe ya mbali imodzi.

Ngozi zake: Yoyamba ndi ya ndalama. Woyang'anira amadya kuchokera kwa amene akumuyang'anira, ndiye kudzudzula mwana amene amatumiza zambiri n'kudzidulira yekha chakudya. Yachiwiri, mwana akadzudzulidwa amangolengeza kuti nyengo yake ndi bambo uja yatha, sabata yamawa pabanala pali nkhope ina. Yachitatu ndi funso lomwe ambiri amaopa kufunsa: nanga papayo amayankha kwa yani? Ngati yankho lake ndi lakuti kwa Mulungu yekha, kapena kwa munthu wina wa kunja amene palibe anamuonapo akudzudzula aliyense, vuto mwangolikweza pamwamba. Mawu a pa Masalimo 105:15 oletsa kukhudza odzozedwa amatuluka msanga m'mipingo yotere, pomwe Chivumbulutso 2:2, pamene mpingo wa ku Efeso ukuyamikiridwa chifukwa choyesa odzitcha atumwi n'kuwapeza onama, sichimveka kawirikawiri.

Izi zinayesedwapo kale. M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi asanu a ku Fort Lauderdale ku America, kuphatikizapo Derek Prince ndi Bob Mumford, anaphunzitsa kuti Mkhristu aliyense akhale pansi pa mbusa wakewake, mbusayo pansi pa wina, chakhumi chikukwera motsatira mzere womwewo. Zinafika poti anthu ankapempha chilolezo kuti akwatire kapena asinthe ntchito. Prince anatulukamo mu 1983, ndipo Mumford anapepesa poyera mu 1989. Kumapeto kwenikweni kwa msewu wa mtsogoleri wosayankha kwa aliyense kuli Shakahola ku Kenya, komwe kuyambira 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu okhudzana ndi mpingo wa Paul Mackenzie, yemwe akuimbidwa mlandu wouza omutsatira kusala kudya mpaka kufa. Mautumiki ambiri sadzafika pamenepo. Chimene ambiri adzakumane nacho ndi tsiku la maliro a woyambitsa, pamene mkazi, ana ndi abusa aang'ono adzayambe kufunsana kuti pepala la malo lili kwa yani.

5. Matrasti, mabungwe a mipingo ndi boma

Iyi si njira yoima payokha, koma ambiri amaitenga ngati yokwanira. M'Malawi mipingo yambiri imalembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act: mumalemba malamulo anu, mumatchula matrasti, anthu osunga katundu wa mpingo m'malo mwa onse, ndipo mpingo umakhala ndi dzina lake pamaso pa lamulo, lotha kukhala ndi malo ndi akaunti. Ku Zambia amalembetsa kwa Registrar of Societies. Kenako pali mabungwe monga Evangelical Association of Malawi ndi Malawi Council of Churches.

Mtengo: Ndalama yolembetsera, loya wokuthandizani kulemba malamulo, chopereka cha umembala ku bungwe, ndi wowerengera mabuku wochokera kunja kwa mpingo kamodzi pachaka. Pa zonse zomwe mpingo waung'ono ungalipire, izi ndiye zosadandaulitsa.

Kupezeka: Maofesi ake ali m'mizinda, ndiye wa kumudzi akonzekere maulendo. Chovuta kupeza ndi matrasti enieni.

Chisamaliro: Matrasti azikumana, azikhala ndi nthawi yothera udindo, ndipo malipiro a mbusa azikambidwa iye atatuluka. Werengani bwinobwino ndime yonena za kasinthidwe ka malamulo. Mpingo wa Mars Hill ku Seattle ku America unasintha malamulo ake mu 2007, mphamvu n'kuchoka kwa akulu onse kupita kwa kagulu kochepa kozungulira mbusa wawo Mark Driscoll. Madandaulo a utsogoleri wankhanza atachuluka, mpingo wa anthu oposa 10,000 unatha kumapeto kwa 2014.

Ngozi zake: Matrasti akakhala abusa, mayi busa, mlamu wawo ndi mwana wawo woyamba, satifiketi ya boma yangosandutsa mpingo kukhala katundu wa banja mwalamulo. Mabungwe a mipingo amaphunzitsa, amayanjanitsa, amalankhula ndi boma, koma chilango chawo chachikulu n'kukuchotsani umembala; guwa sangakulandeni. Ena amati boma lingolowererapo, monga ku Rwanda komwe lamulo la 2018 limafuna kuti mbusa akhale ndi maphunziro a zaumulungu ndipo matchalitchi zikwizikwi atsekedwa, kapena monga bungwe la CRL Rights Commission ku South Africa linapempha mu 2017 anthu atadyetsedwa udzu ndi kupoperedwa mankhwala a tizilombo m'matchalitchi. Mkwiyo wake ndikuumva. Koma dziko la Malawi, lomwe linaletsa a Mboni za Yehova kuyambira 1967 mpaka 1993, likudziwa zomwe zimachitika boma likayamba kusankha chipembedzo choyenera. Boma ligwire wakuba ndi wogwirira. Za chiphunzitso lizisiye.

Ndiye musankhe iti?

Ngati ndinu gulu latsopano lopanda mbusa wophunzira, ndipo chikhulupiriro chanu chikugwirizana ndi mpingo wina wokhazikika, lowani kumeneko mukhale nthambi. Mutaya dzina lomwe munalikonda, koma mupeza maphunziro, malamulo oyesedwa kale ndi kokadandaula. Achipentekoste ayang'ane mipingo yokhala ndi likulu ndi zisankho asanathamangire kwa munthu mmodzi.

Ngati ndinu woyambitsa ndipo simungalowe pansi pa sinodi, phatikizani njira yachitatu ndi yachisanu: akulu osankhidwa ndi mpingo, matrasti omwe ambiri mwa iwo si abale anu, malo m'dzina la mpingo, osayina ku banki atatu. Chitani zimenezi pano chopereka chikadali chochepa, chifukwa chikadzakula mtima udzapeza zifukwa zozengerezera. Mukatero mukhoza kukhala ndi bambo wauzimu wokulangizani, ndipo ubalewo udzakoma poti sudzasenza katundu amene sungathe.

Ngati mtumwi wakuitanani, mufunseni mwaulemu kuti iye amayankha kwa yani, ndi liti pamene anthuwo anamukaniza kanthu, ndiponso anachitapo chiyani mwana wake wina atalakwa. Kacheze ndi abusa awiri amene anachoka kwa iye, osati okhawo amene akadali naye. Akakwiya ndi mafunsowo, mwayankhidwa. Wa pafupi, amene angafike pa minibasi akamva kuti kwavuta, aposa wotchuka wa kutsidya kwa nyanja.

Ngati mpingo wanu uli ndi anthu okhwima ambiri, aphunzitsi, anamwino, amalonda odziwa mabuku, kudziyimira kungakuyendereni. Lembani m'malamulo kuti mkangano wa mbusa ndi akulu ukakula muziitana abusa atatu a mipingo ina, otchulidwiratu, ndipo chigamulo chawo chizimveredwa.

Ngati mukungofuna kopemphera ndipo mumalemekeza dongosolo losasintha ndi kusintha kwa munthu, njira ya episkopi kapena ya sinodi ikupatsani mtendere, bola mulowe m'makomiti ndi kumafunsa malipoti. Kulikonse kumene mungapite, khalani miyezi ingapo musanalembetse, mumve ngati lipoti la ndalama limawerengedwa, muonenso zimene zimamuchitikira munthu amene wafunsa funso pamsonkhano.

Kwa a kunja, nthambi ya ku Britain kapena ku South Africa singadalire likulu la ku Malawi lokha, chifukwa likululo siliona akaunti ya mapaundi kapena marandi. Ku England ndi Wales mpingo wodziyimira wopeza ndalama zoposa £5,000 pachaka umayenera kulembetsa ku Charity Commission, ndipo matrasti ake amayankha ku lamulo la kumeneko. Sankhani matrasti okhala komweko, ndipo ndalama zotumiza kwa papa kapena ku sinodi zizidutsa m'mabuku.

Nkhani ikakhala ya kugwirira, kuzunza mwana kapena kuba ndalama, njira zisanu zonsezi zidikire kaye. Imeneyo ipite ku polisi, ku Victim Support Unit ngati ili ya nkhanza, tsiku lomwelo, ndipo wonenezedwayo ayambe waima paudindo. Seshoni, episkopi kapena papa adzakambe za kulapa ndi chilango cha mpingo apolisi atauzidwa kale.